DOTOLO AMENE ANAUMBA THUPI LA MUNTHU NDI MAPEPALA

Mphunzitsi ali yense adziwa kuti mwana saiwala msanga cinthu cimene anacigwira ndi manja ace. Mmodzi mwa anthu amene anapereka moyo wao wonse ku nchito yokonza zipangizo zophunzitsira zotere anali Dotolo Louis Auzoux wa ku France, amene anabadwa m'caka ca 1797.

Pamene iye anali kuphunzira udotolo ku Paris, ophunzira anali kudalira mitembo kuti adziwe ziwalo za m'kati mwa thupi. Mitemboyo inali yosowa, inali kuola msanga, ndipo ena anali kutengako matenda. Zifanizo za phula zinalipo, koma zinali zodula ndi zosacedwa kuonongeka.

Auzoux anayamba kuumba ziwalo ndi mapepala osinja osakaniza ndi guluu. Zikauma zinali zopepuka ndi zolimba, kotero kuti wophunzira anali kucotsa minofu, mapapu ndi mtima cimodzi-cimodzi, nazibwezeranso m'malo mwace. M'caka ca 1828 anatsegula fakitale pa mudzi wa kwao wa Saint-Aubin-d'Écrosville, kumene anchito ace anali kuphunzitsidwa za thupi kuti asalakwitse poumba.

Pambuyo pace anaumbanso kavalo, nkhono, njuci ndi maluwa, ndipo tinthu tating'ono anali kutikulitsa kuti ziwalo zace zioneke bwino. Masukulu a m'maiko ambiri anagula zipangizozi. Dotoloyu anamwalira mu 1880, koma zifanizo za pulasitiki zimene ana amasula ndi kumanganso m'masukulu lero zitsata nzeru yace yomweyo.