Fumbi la shuga lomwe linagumula fakitale

Madzulo a pa 7 February 2008, cha m'ma 7 koloko, fakitale yoyenga shuga ya Imperial Sugar ku Port Wentworth, m'chigawo cha Georgia ku America, inaphulika. Anthu 8 anafera pomwepo, ena 6 anakamwalirira kuchipatala, ndipo 36 anavulala, ambiri mwa iwo ndi moto. Chinaphulikacho ndi fumbi la shuga, shuga yemweyu timathira mu tiyi.

Bungwe la Chemical Safety Board, lomwe limafufuza ngozi zotere m'dzikolo, linapeza pomwe vuto linayambira. Pansi pa nkhokwe zikuluzikulu panali lamba wonyamula shuga. Mu 2007 lambayo anamutchinga ndi zitsulo kuti zinyalala zisamagweremo. Cholinga chinali chabwino ndithu, koma sanaikemo makina okoka fumbi, choncho fumbi linkangodzadzana m'katimo. Ofufuzawo akuganiza kuti chomwe chinayatsa ndi beringi yomwe inatentha kwambiri.

Kodi shuga angaphulike bwanji? Chipika cha nkhuni chimanyeka pang'onopang'ono chifukwa mpweya umangofika kunja kwake, koma mukachipera n'kukhala utuchi wosalala ndi kuuwaza m'mwamba, kachidutswa kalikonse kamazunguliridwa ndi okosijeni ndipo zonse zimayaka nthawi imodzi. Moto wotere ukayaka m'malo otsekeka, mpweya wotentha umasowa kothawira, ndiye umaphulitsa chilichonse choutchinga. Ufa wa chimanga ndi wa tirigu, malasha operapera, ngakhale fumbi la aluminiyamu, zonsezi zimatero.

Komatu kuphulika koyambako si kumene kunapha anthu ambiri. Kunangogwedeza nyumba. Shuga amene anakhala akuunjikana pansi, pamwamba pa mapaipi, pa mitanda ya denga ndi pa makina anauluka n'kudzadza zipinda, moto wa kulamba kuja n'kumupeza ali m'malere. Kuphulika kunatsatizana kuchoka chipinda china kupita china. Simenti ya pansi inang'ambika, makoma a njerwa anagwera m'masitepe, anthu n'kusowa potulukira mumdima. Chomvetsa chisoni n'chakuti makalata a pafakitalepo a zaka za m'ma 1960 ankachenjeza kale za fumbili.

Akatswiri amati fumbi lochindikala ngakhale mosakwana milimita imodzi, likafalikira pamalo aakulu, ndi lokwanira kudzetsa ngozi. Ngati mungalembe dzina lanu ndi chala pamwamba pa makina, dziwani kuti lachuluka. Ndiye chifukwa chake kuyeretsa ndi ntchito yoteteza moyo, ndipo kayeretsedwe kake n'kofunika. Kupemerera fumbi ndi mpweya wa kompuresa, zomwe antchito amakonda chifukwa zimafulumira, kumangoliulutsa n'kulisandutsa mtambo womwe ungayake. Liyenera kukokedwa ndi makina opangidwira ntchitoyo, kapena kusesedwa modekha ndi burashi yofewa, osaiwala m'mwamba momwe maso safika.

Kwatsala kulonda moto. Maberingi azithiridwa girisi ndi kuyezedwa kutentha. Lamba wokhula pachitsulo akonzedwe tsiku lomwelo. Wowotcherera asayatse makina ake fumbi lisanachotsedwe, ndipo fodya asasutidwe pafupi. Nkhokwe ndi makina okoka fumbi azikhala ndi zitseko zopepuka zomwe zimatseguka zokha kukaphulika, kuti mphamvu ya moto itulukire kunja komwe kulibe anthu.

Nkhaniyi isaoneke ngati ya kutali. Pa 31 May 2017 chigayo chachikulu cha chimanga cha Didion Milling ku Cambria, m'chigawo cha Wisconsin, chinaphulika n'kupha antchito 5. Kuno kwathu shuga amapangidwa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndipo zigayo, mafakitale a zakudya za nkhuku ndi malo ochekera matabwa zili ponseponse. Eni ake ndi akapitawo, kwerani makwerero sabata ino mukaone zomwe zaunjikana pa mitanda ya denga ndi pa mamota anu.