Zithunzi za pa pepala zabwelanso

Mwezi wathawu tinaika malilo a amai ena a m'gulu la Anna Woyela mu parishi yathu. Acibale atafuna cithunzi coika pa bokosi, anasowa. Zithunzi zonse zinali mu foni ya mdzukulu, ndipo foniyo inagwela m'citsime caka catha. Cimene cinatipulumutsa ndi cithunzi ca ukwati wao, cojambulidwa kale ndi uja wa kamela amene anali kuzungulila midzi pa njinga. Cinali cofiilila, koma nkhope inali kuoneka.

Nkhani imeneyi yandikumbutsa zimene zikucitika ku Ulaya, ku America ndi ku Japan. Kumeneko acinyamata, ngakhale ali ndi mafoni odula, ayambanso kugula makamela a filimu ndi aja otulutsa cithunzi nthawi yomweyo.

Kamela yotulutsa cithunzi pomwepo inayamba kugulitsidwa mu 1948 ndi kampani ya Polaroid, imene mwini wake anali Edwin Land. Pepala lake lili ndi kathumba ka mankhwala. Potuluka m'kamela limafinyidwa, mankhwala afalikila, ndipo cithunzi cimaoneka pang'onopang'ono m'manja mwanu. Makamela a digito atafala, Polaroid inaleka kupanga mapepala amenewa mu 2008. Nayo Kodak inatitimila m'ngongole mu 2012. Ambili anati filimu yafa.

Koma sinafe. Anthu ena anatenga fakitale ya Polaroid ku Enschede, m'dziko la Netherlands, nayambanso kupanga mapepalawo. Kodak inabweza filimu yake ya Ektachrome mu 2018. Fujifilm ya ku Japan, imene inayamba makamela a Instax mu 1998, ikali kuwagulitsa kwambili.

Nanga acinyamatawa akufunanji? Filimu imodzi imatenga zithunzi 24 kapena 36, ndipo paketi ya Instax Mini ili ndi mapepala 10 cabe. Motelo munthu amayamba waganiza asanajambule. Cina, cithunzi ca pa pepala mumacigwila, mumapatsa mnzanu, mumacipacika pa cipupa. Sicifuna batile kapena netiweki.

Sindikuti alimi athamangile kugula makamelawa. Mapepala ake ndi odula, ndipo feteleza ndi ndalama za sukulu ziyenela kukhala patsogolo. Langizo langa ndi ili: mukagulitsa cimanga kapena nshawa, pitani ndi foni kwa otsuka zithunzi ku boma, mutulutse zisanu kapena khumi: za ubatizo, za Ukalistiya woyamba, za ukwati, makamaka za agogo. Kumbuyo lembani maina, mudzi ndi caka. Zisungeni mu pulasitiki, kutali ndi ciswe ndi cinyontho.

Abale anga, cakudza siciimba ng'oma. Tiyeni tijambule okalamba athu akali moyo, kuti adzukulu powapemphelela adzadziwe nkhope zao.