Kagalasi koonera mdani wa m'nkhokwe

Chimanga chikayamba kutuluka ufa chikadali m'nkhokwe, anthu amangoti alowa anankafumbwe. Komatu anankafumbwe si a mtundu umodzi ayi. Banja limene lasokoneza mitunduyi limagula mankhwala olakwika, chimanga n'kutha dzinja lisanafike pakati.

Tizirombo timeneti sitifika ngakhale theka la sentimita, ndipo maso paokha amangoona timadontho takuda. N'chifukwa chake alangizi ena a zaulimi amayenda ndi kagalasi kokulitsa zinthu, kamene pa Chipwitikizi amati lupa. Ukulu wake ndi ngati ndalama yachitsulo, ndipo kamapindikira m'chotetezera chake. Kakalembedwa 10x, ndiye kuti kamakulitsa chinthu kakhumi.

Ambiri akakagwira koyamba amatambasula mkono, n'kumaona chimbuuzi chokhachokha, kenaka amati galasi ndi lakufa. Galasi silinalakwe. Wodziwa amakaika pafupi ndi diso, kutsala pang'ono kukhudza nsidze, chala chitatsamira patsaya kuti dzanja lisagwedere. Akatero amasendeza chinthucho pang'onopang'ono mpaka chioneke bwino, pamtunda wa masentimita awiri ndi theka. Ka 20x kamakulitsa koposa, koma kamafuna kuyandikira kwambiri, kamaonetsa malo ochepa, ndipo dzanja likangonjenjemera kachirombo kasowa. Pantchito ya m'nkhokwe ka 10x kakwanira.

Pamafunika kuwala kwa panja ndi mbale yoyera. Kachirombo kakamathawathawa, dontho limodzi la kachasu limakakhazika chete. Koma kuyang'ana dzuwa m'kagalasi kumapha diso, ndipo ana asakaseweretse pafupi ndi denga laudzu.

Tsono pansi pa kagalasi m'pamene nkhani imaonekera. Nankafumbwe wakale uja ali ndi mlomo wautali wonga chitamba cha njovu, ndi timawanga tinayi tofiirira pamsana. Mnzake, nankafumbwe wamkulu, alibe chitamba. Thupi lake ndi lobulungira ngati kachidutswa ka bango, mutu wabisala kunsi, ndipo kumbuyo kwake kuli ngati anachita kudula ndi mpeni. Ku Tanzania anamutcha Scania pomuyerekeza ndi lole ija ya mphuno yaphwatalala.

Mlendo ameneyu kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Anaoneka ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku Malawi mu 1991, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anali atalowa m'chigawo cha Tete. Iye alibe nazo ntchito za malire, amangokwera m'thumba la chimanga limene likupita kumsika.

Kuopsa kwake n'kwakuti amaboola njere ndi njere, kusandutsa chimanga ufa wambiri woposa umene amadya. Amakonda chimanga chosatong'ola, chifukwa njere zikagwirana pachitsononkho amapeza poponda poboola. Makaka a chinangwa sawasiya. Amalowanso m'mitengo ya nkhokwe, n'kudikira zokolola zatsopano mommo.

Apa m'pamene kagalasi kamapulumutsa ndalama. Mankhwala a ufa a Actellic akale aja ankapha nankafumbwe wachitamba, koma wamkuluyu ankapulumuka. N'chifukwa chake anadzasakaniza mankhwala awiri n'kupanga Actellic Super. Mlimi akaona kumbuyo kodulidwa kuja, ayenera kutong'ola chimanga chonse, kuchiumitsa bwino, ndi kufunsa mlangizi mankhwala oyenera ndi muyeso wake, osangotola a m'timapepala topanda dzina pamsika. Zotsalira za chaka chatha ndi mitengo yobooka ya nkhokwe zitenthedwe chimanga chatsopano chisanalowe.

Kagalasi kamodzi kangathe kuzungulira mudzi wonse. Kukasungitsa kwa a mfumu kapena kusukulu, mwezi ndi mwezi aliyense azibwera ndi zitsononkho ziwiri zitatu zochokera pansi pa nkhokwe yake, azigogode pambale yoyera, aone chimene chagwa.