Kamera Ndi Chuma, Isankhireni Chikwama Choyenera

M'dzinja la 2023 banja lathu linaphunzira phunziro lowawa. Mphwathu wina amene amajambula zithunzi pa maukwati ndi pa Eid ku Mangochi kuno analandira kamera kuchokera kwa achimwene ake a ku Joni. Kamerayo ndiyo inkadyetsa iye ndi ana ake. Koma chikwama chake analibe. Ankangoikulunga m'jumbo n'kuiponya m'chikwama cha sukulu pamodzi ndi botolo la madzi ndi makiyi a njinga.

Mvula itasiya, zithunzi zake zinayamba kutuluka ngati zajambulidwa mu utsi. Atapita kwa wokonza makamera ku Blantyre, anamuonetsa tiulusi toyera ngati ukonde wa kangaude m'kati mwa lenzi. Chinali chuku. Mphwathuyo anakhala miyezi iwiri osajambula, maukwati atatu anamudutsa, ndipo ndalama yogulira lenzi ina inaposa kutali mtengo wa chikwama chimene iye ankati n'chodula. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. N'chifukwa chake taganiza zokambirana nanu, owerenga athu, za chikwama chopepuka chokoleka paphewa.

Adani a kamera kuno kunyanja

Ife a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi, Salima mpaka ku Nkhotakota, tili ndi adani anayi. Woyamba ndi mchenga umene mphepo ya mwera imauluza m'miyezi yozizira. Kambewu kamodzi kokha kakalowa m'lenzi, lenziyo imayamba kulira ndi kulimba poizunguza. Wachiwiri ndi chinyezi cha m'dzinja. Chuku chimakonda malo amdima, otentha ndi opanda mpweya, makamaka chinyezi chikaposa magawo 70 pa 100 aliwonse. Wachitatu ndi dzuwa la mu Okutobala limene limafooketsa mabatire. Wachinayi ndi kugunda ndi kugwa, kaya pa kabaza, m'minibasi kapena potsika m'boti.

Mwina simudziwa kuti chikwama cha kamera chili pa ubale ndi usodzi. Kampani ya Billingham ya ku England inayamba mu 1973 kusoka zikwama za asodzi. Eni ake atazindikira kuti ojambula zithunzi a ku New York akugula zikwamazo n'kumaikamo makamera, anayamba kusokera ojambula. Chimene ojambulawo anachikonda ndi chomwe msodzi aliyense amafuna: nsalu yosalowa madzi, chivundikiro chachikulu, ndi kutha kupisa dzanja msanga chikwama chili paphewa.

Posankha chikwama

Choyamba, ikani pamphasa zonse zimene mumanyamula tsiku la ntchito. Kwa ambiri ndi kamera, lenzi imodzi kapena ziwiri, batire yapadera, memori khadi ndi kansalu kopukutira. Kamera ngati Canon EOS 2000D imalemera magalamu 475, ndipo lenzi yake ya 18-55mm ndi magalamu pafupifupi 200. Zonse pamodzi sizifika kilogalamu imodzi. Nanga n'kugula chikwama cholemera kuposa katundu wake? Ife tikuti chikwama chopanda kanthu chisapitirire theka la kilogalamu, chifukwa pa ukwati mudzaima nacho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Musatengeke ndi chikwama chachikulu. Malo akachuluka kamera imagubuduzika m'kati, ndipo inunso mumayamba kulongezamo zinthu zosafunika. Pitani ndi kamera yanu kogula, iikenimo lenzi ili pomwepo, mutseke ndi kugwedeza pang'ono. Ngati mukumva kugogoda, chikwamacho si chanu.

Chachiwiri, finyani pansi pake ndi m'mbali. Payenera kukhala siponji yolimba yochindikala ngati chala, makamaka pansi, poti chikwama chikagwa chimafikira pamenepo. M'kati mukhale timakoma ta siponji tolekanitsa kamera ndi lenzi kuti zisakhulane.

Chachitatu ndi lamba. Akhale wotambalala ngati zala zitatu, wokhala ndi kapilo paphewa, ndiponso wotalika mokwanira kudutsa pachifuwa. Lamba wopyapyala amacheka phewa. Yang'anitsitsani pamene lamba walumikizana ndi chikwama, pakuti zikwama zambiri zimayambira pamenepo kuduka. Zokolera zachitsulo zimakhalitsa kuposa zapulasitiki zimene zimathetheka ndi dzuwa.

Chachinayi, sankhani chokhala ndi zipi komanso chivundikiro chogwera pamwamba pa zipiyo. Zipi yokha imalowetsa madzi a mvula, ndipo chivundikiro chokha chimalowetsa mchenga m'mbali.

Pomaliza, chikwama chisadzionetsere. Chokhala ndi dzina la kamera m'zilembo zazikulu chimaitana akuba pa depoti ndi pamsika. Chakuda kapena chotuwa chopanda malemba ndicho chabwino.

Ngati ndalama zavuta, musataye mtima. Pa kaunjika pamapezeka zikwama zolimba za kanvasi kapena nayiloni. Gulani chimodzi, muchichape ndi kuchiyanika mpaka chiumiretu, kenaka mupite nacho kwa atelala akusokereni siponji yokutidwa ndi nsalu yofewa yosathothoka ubweya.

Kagwiritsidwe ntchito kake

Kolekani lamba modutsa pachifuwa, chikwama chikhale kutsogolo mukakhala pagulu kapena pa kabaza. Muzisintha phewa nthawi ndi nthawi kuti msana usapweteke. Chinthu chilichonse chikhale ndi malo ake osasintha, kuti mkwati akamatuluka musayambe kufufuza batire. Makiyi, ndalama zachitsulo, mafuta onunkhira ndi madzi akumwa zisalowe m'chipinda cha kamera.

Pagombe musaike chikwama pamchenga, ndipo musasinthe lenzi mphepo ikuomba. M'boti kapena pa sitima ya Ilala, chikwama chonse chiloweni m'pulasitiki wamkulu, koma mukangofika kumtunda chitulutseni. Apa ndi pamene mphwathu analakwitsa. Pulasitiki amatchinga madzi akunja, koma amatsekeranso chinyezi m'kati.

Ndiponso chikwama ndi cha paulendo, si nyumba ya kamera. Mukafika kunyumba tulutsani kamera, muipukute ndi kuiika pamalo ouma opita mphepo, kutali ndi khoma lonyowa ndiponso posafika ana. Chikwamacho chikutumuleni ndi kuchisiya chotsegula. Timapaketi ta silica gel timene timabwera m'makatoni a nsapato timayamwa chinyezi, choncho ikani tiwiri kapena titatu m'chikwama. Tikakhuta sitigwiranso ntchito, ndiye muzitisintha, ndipo ana asatiseweretse.

Kwa amene Mulungu wawapatsa mwayi wa ulendo wa Hajj kapena ulendo wina wa pandege, kumbukirani kuti mabatire apadera a lithium saloledwa m'masutikesi opita pansi pa ndege. Ayenera kukhala m'katundu wa m'manja, ndipo chikwama chaching'ono cha paphewa chimathandiza kwambiri pamenepa.

Mphwathu uja tsopano ali ndi chikwama cha pa kaunjika chimene atelala a pamsika anamusokera siponji. Madzulo aliwonse amatulutsa kamera n'kuiika pashelefu, ndipo mvula ya zaka ziwiri yadutsa lenzi ili yoyera. Ngati m'nyumba mwanu muli kamera imene ikugona m'jumbo, itulutseni lero lomwe.