Wailesi ya Kanema Yakale Isatayidwe: Ifunika Womasulira Chabe

M'nyumba zambiri za m'maboma a Dowa ndi Ntchisi muli wailesi ya kanema ya msana waukulu imene idagulidwa ndi ndalama za fodya, za mtedza kapena za mbatata ya kachewere. Ina ili pa shelefu itafunditsidwa nsalu, ina idakankhidwira kunsi kwa bedi pamodzi ndi deki ndi makaseti ake, pakuti eni ake adauzidwa kuti nyengo yake idatha. Koma wailesi yotere, ngati iyaka bwino ndi kutulutsa mau, siidafe. Chimene chidasintha ndi chilankhulo chimene zithunzi ziyendera. Tsono anthu awiri akalephera kumvana pa bwalo la milandu, mfumu siithamangitsa mmodzi wa iwo, imaitana womasulira.

Zilankhulo ziwiri

Wailesi ya kanema idachedwa kufika m'Malawi. Bungwe la MBC lidayamba kuulutsa mau m'chaka cha 1964, koma zithunzi zidayamba kuoneka pa 1 April 1999, pamene Television Malawi idatsegulidwa. Masiku amenewo zithunzi zinkatumizidwa m'njira ya analogi. M'njira imeneyi chithunzi chilichonse chimalembedwa pa galasi ndi mizere 625, zithunzi 25 pa sekondi imodzi, ndipo kuwala ndi mdima zimayenda ngati mafunde okwera ndi otsika. Siteshoni imodzi inkadzaza njira yonse ya mumlengalenga yokha.

M'chaka cha 2006 maiko a mu Afirika ndi a ku Ulaya adagwirizana ku Geneva, pansi pa bungwe la ITU, kuti asiye analogi ndi kuyamba dijito pofika pa 17 June 2015. M'Malawi muno kuulutsa kwa dijito kudakhazikitsidwa kumapeto kwa 2013, m'njira yotchedwa DVB-T2, ndipo ntchitoyi idaperekedwa ku kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, imene anthu amaidziwa ndi dikoda ya Kiliye Kiliye.

M'njira ya dijito chithunzi chimadulidwa timadontho, timadonthoto timasandutsidwa manambala, ndipo manambalawo amapanikizidwa monga momwe mlimi adindira fodya wa chigafa chonse kukhala mabelo owerengeka. Chifukwa cha kudinda kumeneku masiteshoni ambiri amakwanira m'njira imene kale munkapita siteshoni imodzi. Wailesi yakale siidziwa kumasula belo lotere. Ntchito imeneyi ndi ya dikoda: imalandira manambala, imawamasula, ndi kuwabweza m'mafunde amene wailesi yakale imawamva.

Kuyang'ana kumbuyo kwa wailesi

Munthu asanagule kanthu kalikonse ayenera kutembenuza wailesi yake ndi kuona mabowo amene ali kumbuyo. Pali mitundu itatu imene ipezeka kawirikawiri.

Mtundu woyamba ndi wa mabowo atatu ozungulira, lachikasu, loyera ndi lofiira, olembedwa AV IN kapena VIDEO IN. Lachikasu ndi la chithunzi. Loyera ndi la mau a kumanzere. Lofiira ndi la mau a kumanja. Wailesi zina zili ndi awiri okha, lachikasu ndi loyera, ndipo pamenepo chingwe chofiira chingosiyidwa chili lende popanda vuto.

Mtundu wachiwiri ndi bowo lalitali la timano 21 lotchedwa SCART, limene lidachokera ku France ndipo lipezeka pa wailesi ndi madeki ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Ulaya. Bowo limeneli lifuna kachipangizo kakang'ono kolowetsamo, kokhala ndi mabowo atatu aja kunja kwake. Kambiri mwa ito tili ndi kabatani ka IN ndi OUT; pa wailesi kakhale pa IN.

Mtundu wachitatu ndi wa wailesi zakale kwambiri, zimene zili ndi bowo limodzi lokha la eriyo. Nazonso zili ndi njira yake, monga zifotokozedwa m'munsimu.

Lamulo la zonsezi ndi limodzi. Chithunzi chimayenda ngati madzi a mu ngalande ya kudimba, kuchokera kumtunda kunka kumunsi. Chimatuluka pa bowo lolembedwa OUT la chipangizo chimene chili ndi chithunzi, ndi kulowa pa bowo lolembedwa IN la chipangizo chimene chikulandira. Kulumikiza OUT ndi OUT, kapena IN ndi IN, kuli ngati kukumba ngalande pakati pa zitsime ziwiri ndi kudabwa kuti mbeu sizikuthiriridwa.

Dikoda ndi DVD

Madikoda ambiri, a eriyo ndi a dishi omwe, ali ndi mabowo a AV OUT, ndipo makina a DVD ali chimodzimodzi. Apa ntchito ndi yapafupi. Chingwe cha eriyo chichotsedwe ku wailesi ndi kulowetsedwa mu dikoda pamene palembedwa ANT IN kapena RF IN. Chingwe cha mitu itatu chichoke pa dikoda kunka ku wailesi, mtundu ndi mtundu unzake. Kenaka mwini wake adine batani la AV kapena TV/AV pa wailesi. Kuyambira pamenepo masiteshoni asinthidwa ndi rimoti ya dikoda, ndipo wailesi yasanduka galasi ndi sipika chabe.

Pali cholakwa chimodzi chimene chimachitika kawirikawiri. Makina ena a DVD ali ndi mabowo enanso atatu, lobiriwira, labuluu ndi lofiira. Amenewa onse ndi a chithunzi, ndipo lofiira lake si la mau. Wosokoneza mabowo amenewa ndi atatu oyamba aja amapeza chithunzi chopanda mitundu, kapena phokoso lolira m'sipika.

Zipangizo za HDMI yokha

Makompyuta a m'manja, timabokosi ta intaneti ndi madikoda ena atsopano alibe mabowo ozungulira. Ali ndi bowo laling'ono lophwatalala la timano 19 lotchedwa HDMI, limene malamulo a kapangidwe kake adatuluka m'chaka cha 2002. M'menemo mumapita manambala okhaokha, chithunzi ndi mau pamodzi.

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. M'misika mumagulitsidwa chingwe chokhala ndi mutu wa HDMI mbali imodzi ndi mitu itatu mbali inayo, popanda kabokosi pakati. Chingwe chotere sichithandiza, pakuti waya amangonyamula chimene wapatsidwa. Sadziwa kusandutsa manambala kukhala mafunde. Chofunika ndi kabokosi komasulira, kamene ogulitsa amakatcha converter, kolembedwa HDMI to AV kapena HDMI2AV. Kabokosi kameneka kamadya magetsi a mavolti 5, ndipo tchaja ya foni imakwanira kukapatsa.

Wogula awerenge bwino dzina lake, chifukwa kalipo kanzake kofanana nako maonekedwe kolembedwa AV to HDMI. Ako kamagwira ntchito mobwerera, kutenga chithunzi cha deki yakale ndi kuchipereka ku wailesi yamakono yopyapyala. Womasulira ameneyu amadziwa njira imodzi yokha, ndipo kumutembenuza sikumusintha. Za foni, si iliyonse imene imatulutsa chithunzi pa bowo lake lotchajira. Njira yapafupi ndi kusamutsira filimu mu fulashi ndi kuilowetsa mu dikoda kapena DVD yokhala ndi bowo la USB.

Wailesi ya bowo limodzi

Kwa wailesi yokhala ndi bowo la eriyo lokha, deki yakale ndiyo mkhalapakati, ngakhale itakhala kuti idaleka kuzunguza kaseti, malinga ikuyaka. Chingwe cha mitu itatu chichoke pa dikoda kulowa pa AV IN kapena LINE IN ya deki. Deki iikidwe pa AV, ndipo chingwe cha eriyo chichoke pa RF OUT ya deki kulowa mu wailesi. Mkati mwa deki muli kasiteshoni kakang'ono koulutsira m'chingwe. Pa madeki ambiri a PAL kamapezeka pafupi ndi tchanelo 36 ya UHF. Mwini wailesi asake kasiteshoni kameneka monga ankasakira Television Malawi kale, ndipo akakapeza akasunge. Kumene kulibe deki, kabokosi kotchedwa RF modulator kamachita zomwezo. Ma DVD ena a m'sitolo ali ndi chitetezo choletsa kukopera, kotero kuti akadzera mu deki chithunzi chimawala ndi kuda mosinthasintha. Limeneli si vuto la wailesi.

Chithunzi chikasowa mitundu

Analogi nayo ili ndi zilankhulo zake. Malawi adatsata njira ya PAL ya mizere 625, imene idakonzedwa ndi Walter Bruch wa kampani ya Telefunken ku Germany ndipo idayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1967. Ku America ndi ku Japan ankatsata NTSC ya mizere 525. Chithunzi chikatuluka chakuda ndi choyera, kapena chikamagubuduka chokwera, kawirikawiri chipangizo chikulankhula NTSC kwa wailesi ya PAL. Pa kabokosi komasulira pali kabatani kosankhira. Pa dikoda ndi DVD nkhaniyi ili mu menyu pamene palembedwa TV System, ndipo pasankhidwe PAL kapena 576i.

Nkhope za anthu zikatalika ngati za odwala, chifukwa chake ndi mpangidwe wa galasi. Zithunzi zamakono ndi zotambalala, za muyeso wa 16:9, pamene galasi lakale ndi la 4:3. Kusankha 4:3 Letterbox mu menyu kumabweza nkhope m'malo mwake, ngakhale kuti pamwamba ndi pansi patsala mizere yakuda. Komabe womasulira saonjezera nzeru pa mau amene wapatsidwa, ndipo galasi lakale silingaonetse zoposa mizere yake. Mpira ndi nkhani zioneka bwino, koma zilembo zing'onozing'ono za kompyuta zikhala zosawerengeka.

Kujambula ndi kupulumutsa makaseti

Deki yolumikizidwa monga mwafotokozedwa ikhoza kujambula pulogalamu pa kaseti, koma ijambula siteshoni yokhayo imene dikoda ili kuonetsa pa nthawiyo. Nkhani yaikulu koposa ndi ya makaseti akale. Kaseti ya VHS idatulutsidwa ndi kampani ya JVC m'chaka cha 1976, ndipo kampani yotsiriza kupanga madeki, ya Funai ku Japan, idaleka m'chaka cha 2016. Deki iliyonse imene ikuyendabe ndi chuma chosagulikanso chatsopano. M'makaseti amenewo muli maukwati, zinkhoswe, makwaya a ku mpingo ndi nkhope za makolo amene adatsikira kuli chete, ndipo chinyezi cha dzinja ndi chuku zimadya tepi pang'onopang'ono.

Banja lokhala ndi kaseti yotere lithyole kadzino kapulasitiki ka m'mphepete mwake kuti wina asajambulepo mwangozi. Kenaka lifune kachipangizo ka USB kolandira zingwe zitatu zija ndi kusunga chithunzi mu kompyuta. Ntchitoyi siithamangitsidwa: kaseti ya maola atatu ifuna maola atatu. Kaseti yooneka zoyera m'kati isaikidwe mu deki isanapukutidwe ndi mmisiri, chifukwa imadetsa mitu yowerengera tepi.

Mapiri, mphezi ndi magetsi

Anthu a ku Kongwe, ku Mvera, ku Malomo ndi m'munsi mwa phiri la Ntchisi ali ndi vuto limene a m'chidikha salidziwa kwenikweni. Mafunde a UHF amayenda pafupifupi molunjika ngati kuwala, ndipo phiri limawatchinga. Kale nyumba ya m'chigwa inkaona chithunzi cha mchenga koma chooneka ndithu. Dijito ilibe pakati: chithunzi chimakhala choyera bwino, kenaka chimaima, chimasweka timabokosi, ndi kuzimiririka. Izi zikachitika, zingwe za kumbuyo kwa wailesi zilibe mlandu. Eriyo ikwezedwe pa nsungwi kapena pa mlongoti wa bulugama, izunguzidwe pang'onopang'ono pamene wina akuyang'ana mzere wa Quality mu menyu ya dikoda. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumene phiri latchingiratu, dishi ndiyo yankho, ndipo dikoda yake ilumikizidwa ku wailesi yakale m'njira yomweyo.

Mlongoti wautali pa chitunda umaitana mphezi. Mvula ya mabingu ikamayandikira, chingwe cha eriyo ndi pulagi ya magetsi zizulidwe, ndipo mlongoti usaimikidwe pafupi ndi mawaya a ESCOM. Polumikiza zingwe, zipangizo zonse zikhale zozimitsidwa. Wosaphunzira umisiri asatsegule msana wa wailesi yakale, pakuti m'kati mwake mumayenda mavolti opitirira 20,000 ndipo mphamvu ina imatsalira ngakhale itazulidwa ku magetsi. Magetsi a m'Malawi ndi a mavolti 230. Chipangizo chopangidwira Japan, kumene ali 100, kapena America, kumene ali 120, chikhoza kupsa nthawi yomweyo ngati chizindikiro chake sichinena kuti chilandira mpaka 240. Banja lodalira sola lidziwenso kuti wailesi ya msana waukulu imatha batire msanga kuposa yopyapyala ya msinkhu womwewo, ndipo pamenepo kusintha wailesi kukhoza kukhala kwanzeru.

Kwa ena onse, mtengo wa chingwe kapena wa kabokosi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa wailesi yatsopano, ndipo ndalama yotsalayo ndi ya feteleza kapena fizi ya mwana. Wopita kukagula ku Mponela, ku Madisi, pa boma la Ntchisi kapena ku Lilongwe ajambule mabowo a kumbuyo kwa zipangizo zake ndi foni, kapena awalembe pa pepala pamodzi ndi mau ake onse. Aonetse wogulitsa, afunse kuti chithunzi chilowera kuti ndi kutulukira kuti, ndipo apemphe kuti kabokosiko kayesedwe iye akuona asanapereke ndalama. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.