Chitsulo nachonso chimatopa: zimene zinagwetsa Kingda Ka

Pa 28 Febuluwale 2025, m'mawa, ku New Jersey m'dziko la America, nsanja yachitsulo yotalika mamita 139 inapendekeka n'kugwa pansi, fumbi koboo! Sinagwe ndi mphepo kapena chivomezi ayi. Eni ake anachita kuitchera zophulitsa. Nsanjayo inali ya Kingda Ka, roller coaster imene kwa zaka pafupifupi 20 inali yaitali kuposa ina iliyonse padziko lapansi.

Nditaonetsa kanema wake kwa a Fomu 3 pafoni yanga, mtsikana wina anafunsa funso limene landipangitsa kulemba nkhaniyi: chinthu choti chinali chikuyendabe bwinobwino, achigwetseranji? Funso labwino zedi. Yankho lake lili mu fizikisi yomwe tikuphunzira temu ino, ndipo likukhudzanso njinga imene mwabwera nayo kusukulu lero.

Kodi roller coaster n'chiyani?

Ambiri kuno ku Neno sitinaionepo ndi maso, ineyonso sindinaikwerepo. Ndi kasitima kosewerera komwe kamathamanga panjanji yokwera, yotsika, yokhotakhota, penanso yozondotsa anthu mitu pansi miyendo m'mwamba. Anthu amalipira ndalama kuti akachite mantha kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, akatsika n'kukaimanso pamzere. Zadziko!

Kingda Ka inatsegulidwa mu 2005 pamalo achisangalalo a Six Flags Great Adventure. Kuti mumvetse kutalika kwake, tengani bwalo la mpira muliimike chilili, muwonjezereponso mamita oposa 30. Kasitima kake kankachoka poima n'kufika liwiro la makilomita 206 pa ola m'masekondi 3.5 okha.

Mu Novembala 2024 inayenda komaliza. Mphekesera zinali zitamveka kale, moti okonda masewerawa anakhamukirako kuti akakwere kotsiriza. Koma kampani inalengeza za kutsekaku patapita masiku angapo zipata zitatsekedwa kale, ndipo apa ndi pamene anthu anapsa mtima. Dandaulo lawo linali lakuti sanapatsidwe mpata wotsanzika. Mwina mukuseka kuti munthu angalire chitsulo? Taganizani atagwetsa mtengo wa mango umene munkachitapo katungwe muli ku pulayimale, osakuuzani. Sikuti mukulira mtengowo, mukulira ubwana wanu.

Zoterezi zinachitikanso pafupi ndi kwathu kuno. Amalume kapena achimwene anu amene anakhalako ku Cape Town angakuuzeni za Ratanga Junction, malo achisangalalo amene anatsegulidwa mu 1998 n'kutsekedwa pa 1 Meyi 2018. Kumeneko eni ake ananeneratu, ndiye anthu anapita ndi ana awo kukatsanzikana ndi Cobra, roller coaster imene okwera ankalendewera kunsi kwa njanji miyendo ili lende.

Sitima yopanda injini

Chodabwitsa choyamba n'chakuti tisitima timeneti tilibe injini. Pa Cobra, tcheni chinkakoka kasitima pang'onopang'ono kukwera nako chitunda choyamba, chotalika mamita oposa 30. Kakafika pamwamba, tcheni chinkakasiya. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto, woyendetsa anali mmodzi basi: mphamvu yokoka ya dziko, ija timaitcha gravity.

Inu a ku Dambe ndi ku Nsambe izi mumazidziwa kuposa ana a m'tauni. Mukamakankha njinga pachitunda, thukuta lili kamukamu, mphamvu yanu sikuti ikutayika. Mukuisunga, ngati mmene timasungira chimanga m'nkhokwe. Mphamvu yosungika chifukwa cha kukwera m'mwambayi m'buku mwanu ndi potential energy, ndipo timaipeza ndi mgh. Mukatembenuka n'kuyamba kutsetsereka, nkhokwe ija yatseguka: mphamvu yosungika ikusanduka mphamvu ya liwiro, kinetic energy, imene ndi ½mv².

Tiyeni tiziike pamodzi. Ngati palibe chotayika, mgh = ½mv². Onani kuti m ali uku ndi uku, ndiye amafafanizika. Chotsala ndi v² = 2gh. Titenge g ngati 10. Chitunda cha mamita 20 chikupatsa v² = 400, kutanthauza kuti v ndi mamita 20 pa sekondi, omwe ndi makilomita 72 pa ola. Eetu, panjinga yakapalasa! Mwamwayi mphepo imakukankhani pachifuwa, matayala amakhulana ndi msewu, inunso mumagwira mabuleki, choncho simufika pamenepo.

Kutayika kumeneku ndi chifukwa chake pa roller coaster yokokedwa ndi tcheni chimodzi, chitunda choyamba ndiye chimakhala chachitali kuposa zonse. Chachiwiri chikatalika kuposa choyamba, kasitima sikangachikwere. Nkhokwe simutapamo zoposa zimene munaikamo.

Kingda Ka inali yosiyana. Iyo inkayambira pansi, n'kuponyedwa ngati mwala wa palegeni. Makina amphamvu oyendera mafuta opanikizidwa ankakulunga chingwe chachitsulo mwaliwiro, chingwecho n'kukoka kasitima. Tiwerengere limodzi. Makilomita 206 pa ola ndi mamita pafupifupi 57 pa sekondi. 57 kuchulukitsa ndi 57 ndi 3,249. Gawani ndi 20, mupeza mamita 162. Nsanja inali mamita 139. Ndiye kuti mamita 23 otsalawo ndiwo ankalipira msonkho wa mphepo ndi kukhulana kwa mawilo. Tsiku lina msonkho ukakwera, kasitima kankalephera kudutsa pamwamba n'kubwerera chafutambuyo. Opanga anakonzekeratu zimenezi poika mabuleki a maginito panjanji, ndipo okonda masewerawa ankati kubwerera chotero ndi mwayi waukulu, poti ankawaponyanso kachiwiri.

Nanga bwanji sagwa akazondoka?

Izi mukayese kunyumba, koma panja, ndipo ndi kachidebe kapulasitiki. Thirani madzi pang'ono, mugwire chogwirira, muzungulize mkono mwachangu kuchoka pansi kupita pamwamba pa mutu. Madzi satayika. Chepetsani liwiro, musamba.

Chikuchitika n'chiyani? Chidebe chikakhala pamwamba, dziko likukokabe madziwo ndithu. Koma mkono wanu ukukhotetsera chidebe pansi mofulumira kuposa mmene madzi akanagwera paokha, ndiye madzi amatsalira kutsinde kwa chidebe. Lamulo lake n'lakuti v²/r isachepere g. Ngati mkono ndi chogwirira zikwana mita imodzi, mukufunika liwiro longopitirira pang'ono mamita 3 pa sekondi.

Vuto lili pansi pa chizunguliro, pamene liwiro ndi lalikulu. Pamenepo mpando umakankha munthu mwamphamvu, thupi n'kumveka lolemera katatu kapena kanayi, magazi n'kumathawira kumiyendo. Ma roller coaster akale, monga Flip Flap Railway ya ku Coney Island ya mu 1895, anali ndi chizunguliro chobulungira ngati tayala, ndipo okwera ankavulala makosi. Injiniya wa ku Germany, Werner Stengel, anathandiza kukonza zimenezi m'zaka za m'ma 1970 ndi chizunguliro chooneka ngati dontho la madzi lozondoka: chotakasuka pansi pomwe liwiro ndi lalikulu, chothina pamwamba pomwe liwiro lachepa. Masamu omwewa a v²/r.

Tsono gwirani mfundo iyi, chifukwa ndi imene ikutifikitsa ku funso la mnzanu uja. Ngati mpando ukukankha munthu katatu kulemera kwake, nayenso kasitima kakukankha njanji katatu kulemera kwake. Lamulo lachitatu la Newton limenelo. Kasitima kakadutsa, njanji imapindika pang'ono kwambiri, moti diso silingaone, kenako n'kubwerera. Kakubweranso kena. Kupindika, kubwerera. Tsiku lonse, chaka ndi chaka.

Kutopa kwa chitsulo

Anyamata amene munapangapo galimoto zamawaya, mukasowa pulayala mumadula bwanji waya? Simumukoka ayi, angakuchekeni zala. Mumamupinda uku ndi uku, uku ndi uku, mpaka pamalo pamenepo patenthe, kenako thyo! Kupinda kamodzi sikunamuthyole. Chamuthyola ndi kubwereza.

Akatswiri amati kumeneku ndi metal fatigue, kutopa kwa chitsulo. Kumayamba ndi kamng'alu kosaoneka ndi maso, kawirikawiri pamalo owotcherera, pabowo la bawuti, pakona, kapena pamene dzimbiri ladya. N'chimodzimodzi ndi paketi ya shuga: kuikoka chabe siing'ambika, koma mukangoiluma pang'ono m'mphepete, imang'ambika mosavuta kuyambira pamenepo. Mphamvu yonse imasonkhana pansonga ya mng'alu. Katundu akabwera, mng'alu ukula pang'ono. Akabweranso, ukulanso. Tsiku lina chitsulo chotsala chimachepa, n'kuthyoka mwadzidzidzi ndi katundu yemweyo amene chakhala chikunyamula zaka zonsezi.

Anthu anaphunzira zimenezi ndi misozi. Mu 1842, pafupi ndi Versailles ku France, chitsulo cholumikiza mawilo a sitima chinathyoka ndipo anthu ambiri anafa. Pambuyo pake August Wöhler wa ku Germany anatha zaka akuyesa zitsulo zoterezi, n'kuonetsa kuti katundu wochepa wobwerezabwereza amathyola chitsulo chimene katundu wamkulu wa kamodzi sangachithyole. Mu 1954 ndege ziwiri za mtundu wa Comet zinasweka zili m'mwamba chifukwa cha ming'alu yoyambira m'makona a mabowo a thupi la ndege. Mukadzakwera ndege, mudzaone mawindo ake: alibe makona akuthwa. Ndipo mu 1998 ku Eschede, Germany, wilo la sitima yothamanga kwambiri linasweka ndi kutopa komweku, anthu 101 n'kutaya miyoyo.

N'chifukwa chake roller coaster imayenderedwa m'mawa uliwonse isananyamule munthu, ndipo nthawi ndi nthawi amaimasula n'kuyeza zitsulo zake ndi maginito komanso ndi makina a ultrasound, ofanana ndi sikani imene amaunikira amayi oyembekezera kuchipatala. Chinthu chikamakalamba, kuyezaku kumachuluka, zosintha zimachuluka, masiku ongokhala osagwira ntchito amachulukanso.

Kugwetsa, kugulitsa kapena kukonzanso

Apa tisanamizane. Sikuti Kingda Ka kapena Cobra zinatsekedwa chifukwa zinali pafupi kugwera anthu. Chitsulo chotopa chimasinthika. Funso limene eni ake amadzifunsa ndi la ndalama: kodi zimene tikuwononga kuti chinthuchi chikhalebe chotetezeka zikubwerera? Makina oponyera a Kingda Ka anali ovuta kusamala ndipo ankaimaima, kampani n'kusankha kuika ndalama zake pa zatsopano. Ku Ratanga Junction, malowo anawaona kuti apindula kwambiri akamangapo nyumba ndi maofesi.

Njira zilipo zitatu. Kingda Ka anaigwetsa. Cobra anaimasula chidutswachidutswa, n'kuikweza sitima yapamadzi, ndipo lero ikuyenda ku Iowa, America, pamalo otchedwa Lost Island, ndi dzina latsopano loti Nopuko. Mwaona? Kaunjika ameneyu anayenda chobwerera, kuchoka ku Africa kupita kwa azungu! Njira yachitatu ndi ya Nemesis ya ku Alton Towers, England, imene inatsegulidwa mu 1994. Anaitseka mu 2022, n'kuchotsa mbali yaikulu ya njanji yakale, kuikapo yatsopano, ndipo inatsegulidwanso mu 2024.

Njira yachitatuyi tili nayo pakhomo pompano. Pa Nkula, pamtsinje wa Shire, madzi ochokera pamwamba amagwa n'kuzunguza makina opanga magetsi, mgh yomwe ija. Nkula A inayamba kugwira ntchito mu 1966, ndipo patatha zaka zoposa 50 makina ake akale anawachotsa n'kuikapo atsopano. Mtsinje ndi womwewo, koma zitsulo zinali zitagwira ntchito yake.

Tibwerere panjinga

Tayala la njinga likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2. Ngati mumapalasa makilomita 20 patsiku, kupita ndi kubwera, ndiye kuti lazungulira ka 10,000. Sipoko iliyonse yakungika ndi kukhwefuka ka 10,000. Pamasiku 300 ndi ka 3 miliyoni. Foloko, handulo ndi felemu nazonso zikulandira bampu iliyonse ya misewu yathu ino.

Tsono ganizani za bambo amene akutsika phiri ndi matumba a mbatata ya kachewere. Iwo, njinga ndi katundu tinene kuti ndi makilogalamu 150. Kutsika mamita 20 okha, mgh ikupereka majoule 30,000, ndipo pafupifupi onsewo ayenera kusanduka kutentha patimabuleki tiwiri tarabala. Paja m anafafanizika pa liwiro, koma pa mabuleki safafanizika: katundu akachuluka kawiri, ntchito ya mabuleki yachulukanso kawiri. Roller coaster ili ndi mainjiniya oiyendera m'mawa uliwonse. Njinga yanu injiniya wake ndinu.

Ndiye ntchito ya sabata ino nayi. Pukutani njinga ya pakhomo panu, muyang'anitsitse malo onse owotcherera, makamaka pamene foloko ikumana ndi felemu ndi pansi pa chishalo. Mukaona kamzere kopyapyala ngati tsitsi, kapena penti yosweka motsatira mzere ndi dzimbiri m'kati mwake, musakwere, ndipo musanyamulepo mng'ono wanu. Pitani nayo kwa okonza njinga. Kachiwiri, pezani mawaya awiri ofanana. Wina mumukande pang'ono ndi mwala pakati, winayo mumusiye. Pindani aliyense uku ndi uku mofanana, mukuwerenga, mpaka athyoke. Lembani manambala awiriwo m'kope, mubwere nawo Lolemba. Amene apeze kuti waya wokandidwa wapirira kuposa mnzake, abwere ndi mawaya akewo tidzaone limodzi chimene chachitika.