LUSAKA: MISEU NDI YAIKULU, KOMA BWALO LA ANTHU LILI KUTI?

Munthu wocokera ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke akamalowa mu Lusaka pa basi, cinthu coyamba comuuza kuti wafika ndi thanki yaitali ya madzi ya ku Chelstone. Kucokera pamenepo mseu wa Great East umatambalala, magalimoto amaculuka, ndipo pa Munali ndi pa Arcades pali maulalo a m'mwamba amene anamangidwa pakati pa 2018 ndi 2021. Mlendo amagoma nazo, ndipo nkoyenera kutero. Koma akatsika pa Intercity, mu mseu wa Dedan Kimathi, katundu ali pamutu, mwana kumsana, kapena akutsogolera nkhalamba imene yabwera kudzaonana ndi madokotala, amayamba kuona Lusaka wina, wa munthu woyenda pansi.

Kumudzi kuli bwalo. Pabwalo mfumu imaweruza milandu, gule amavinidwa, ana amasewera mwezi ukawala, ndipo agogo a ndodo amafikapo mosavuta cifukwa palibe masitepe, palibe cipata, palibenso wofunsa ndalama. Mlendo wotopa amakhala pansi pa mtengo napatsidwa madzi. Mu Lusaka, mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2022, malo otere ndi osowa, ndipo kusowa kwake kunayamba kale.

Pamene boma la atsamunda linaganiza zocotsa likulu ku Livingstone, linaitana katswiri wa mapulani a mizinda wocokera ku London, Professor Stanley Adshead, amene anapereka maganizo ake mu 1931. Likulu linasamukira ku Lusaka mu 1935. Colinga cinali cakuti ukhale mzinda wa maluwa ndi mitengo, wa miseu yotakata ndi nyumba zotalikirana, iliyonse ndi yadi yake. Maofesi a boma anaikidwa pamtunda wa Ridgeway, kutali ndi masitolo a mu Cairo Road, ndipo njanji inatsala pakati. Kwa bwana wa galimoto mtunda umenewu sunali kanthu. Munthu wakuda sanawerengedwe ngati nzika ya mzinda, koma ngati wanchito wa citupa amene adzabwerera kwao nchito ikatha. M'masitolo ambiri a mu Cairo Road iye anali kugulira pa kazenera ka pambali, osaloledwa kulowa pakhomo, ndipo ici ndico cinautsa mkwiyo wa anthu m'zaka za m'ma 1950, pamene cipani ca African National Congress ca a Harry Mwaanga Nkumbula cinauza anthu kuti aleke kugula nyama m'mabuchala a azungu.

Amene afuna kuona ndi maso m'mene anthu akuda anali kukhalira apite ku Kabwata, mu mseu wa Burma. Kumeneko kunamangidwa tinyumba tozungulira ta cipinda cimodzi, tofolera ndi udzu, ta amuna a nchito okha, pakuti akazi ndi ana anayembekezeredwa kutsala kumudzi. Ufulu utabwera mu 1964, tinyumbato tinayamba kugwetsedwa kuti pamangidwe mafulati. Koma mu 1974 boma linasiyako 43 ndi kupanga mudzi wa cikhalidwe, Kabwata Cultural Village, momwe osema ziboliboli, oluka madengu ndi osema ng'oma ocokera m'zigawo zosiyanasiyana amagwira nchito zao ndi kugulitsa. Pakati pake pali bwalo la magule. Ncodabwitsa kuti malo amene anamangidwa pofuna kuti munthu asazike mizu mu tauni, ndiwo anasanduka amodzi mwa malo ocepa m'mene Mngoni, Mlozi ndi Mbemba angakhale pamthunzi umodzi nkumacezerana popanda wina kuwafunsa cimene akudikira.

Kumayadi, ku Woodlands ndi ku Kabulonga, mitengo ya pulani yakale ija ikalipo, ndipo ndi yokongola. Koma yambiri ili mkati mwa mipanda yaitali ya njerwa. M'mamawa uliwonse anthu a ku Kalingalinga, ku Mtendere ndi ku Bauleni amalowa m'madera amenewa wapansi kukaphika, kukacapa, kukasesa ndi kukalonda. M'miseu yambiri njira yao ndi kamzere ka fumbi pakati pa ngalande ndi magalimoto, ndipo dzinja likafika kamzereko kamasanduka matope. Wa miyendo yolimba amalumpha. Wakhungu, mai wa pakati, ndi munthu wa pa njinga ya olemala, amalowa mu tala momwe nkumapikisana ndi maminibasi. Maulalo a oyenda pansi alipo pa Great East, monga pa yunivesite ndi pa Manda Hill, ndipo apulumutsa miyoyo. Komabe kukwera pamwamba potero si nchito ya nkhalamba ya nyamakazi.

Mkati mwa tauni nkhani ndi ina. Pakati pa Cairo Road pali mzere wa mitengo umene ukanakhala bwalo la mzinda wonse, koma mbali zonse ziwiri magalimoto amayenda ngati mtsinje wodzala. M'makonde a masitolo, mu Cairo Road, Chachacha, Freedom Way ndi Lumumba, kwa zaka zambiri munadzala ogulitsa tomato, salaula ndi zina. Iwo sanabwere mwa cipongwe. Anatsata kumene kuli ogula, monga acitira aliyense wofuna kudyetsa ana. Koma zimbudzi ndi madzi panalibe zokwanira. Matenda a kolera atabuka kumapeto kwa 2017, boma linatumiza asilikali kukayeretsa mzinda, ndipo pofika Januwale 2018 ogulitsawo anali atacotsedwa m'miseu. Pambuyo pake ambiri anabwerera, ndipo mu 2023 anacotsedwanso. Kuthamangitsana kotereku kumaonetsa kuti malo a wogulitsa wamng'ono ndi malo a woyenda pansi sanalembedwe bwino pa pulani ciyambire.

Ena adzanena kuti masiku ano kuli masitolo akuluakulu a pamodzi, monga Manda Hill imene inatsegulidwa mu 1999, momwe muli poyera, posalala, ndi zimbudzi zabwino. Nzoona. Koma malo amenewa ali ndi eni ake ndi alonda ao, ndipo anamangidwira wogula. Mai wa mtolo wa kumudzi amadziwa yekha kuti pamenepo si pokhalitsa.

Olemala sanakhale cete. Mu 2011 mai Sela Brotherton, m'dzina la mgwirizano wa mabungwe a olemala, anasumira bungwe loyendetsa masankho ku Bwalo Lalikulu la Milandu cifukwa cakuti malo ambiri oponyera voti anali osafikika kwa olemala, ndipo bwalolo linagamula kuti kumeneku kunali kuwasala. Caka cotsatira, mu 2012, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la anthu olemala, limene likuti nyumba ndi malo ogwiritsidwa nchito ndi anthu onse zikhale zofikika kwa iwonso. Potsetsereka pamodzi pambali pa masitepe, kapena civundikiro pa ngalande, sizidya ndalama zambiri ngati zaganiziridwa nyumba isanamangidwe. Kugumula pambuyo ndiko kodula.

Anthu a kum'mawa asaganize kuti izi ndi za ku Lusaka kokha. Chipata inakhala mzinda mu 2017, ndipo Katete, Petauke, Lundazi ndi Sinda zikukula caka ndi caka, minda ya dzulo ikusanduka mapuloti. Lamulo la mapulani a mizinda ndi madera la 2015 likuti makhonsolo afunse anthu asanavomereze pulani ya dera lao. Pa misonkhano imeneyi mafumu, amai a pamsika, aphunzitsi ndi olemala ali ndi ufulu wofunsa kumene ana adzasewerera mpira, kumene okwera basi adzadikirira pamthunzi, ndi kumene njinga ya wolemala idzadutsa popita ku cipatala. Nthawi yofunsa ndi pamene oyeza malo asanakhome zikhomo zao, pakuti bwalo la mpira ndi malo a mtengo waukulu wa pamsika ndiwo amayamba kusiririka kwa ofuna mapuloti.